Kuwerenga Mpaka Zinayi

Ku Porto mvula sigogoda, imangolowa.
Tinali m'chipinda choyeserera, pamwamba pa sitolo ya nsapato,
majuzi athu akununkha chinyontho,
pamene Iolanda anafika ndi kope lobiriwira m'khwapa.

Ntchito yake, anatero, ndi kupsompsonana kwa m'gawo lachitatu.
Ndinaseka.
Zaka makumi atatu ndi zisanu ndili pa nsanja ya zisudzo,
ndafapo kambirimbiri, ndakwatiwapo kosawerengeka,
ndiye mwana wadzulodzuloyu andiphunzitse kupsompsona?

Iye sanaseke.
Anandiimika moyang'anana ndi Telmo nati,
Mayi Graça, musonyezeni ndi manja anu
pomwe lero angakhudze.
Lero lokha. Mawa tidzafunsanso.

Manja anga anayenda okha:
mapewa, inde. Msana, inde.
M'chiuno, inde, koma osatsika.
Atafika pakhosi anaima njii,
ngati galu wazindikira khomo lomwe anamenyedwapo.

Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri.
Holo ya ku Braga, mipando yofiira, fungo la fodya.
Wotsogolera sewero ananong'oneza mnzanga kuseri kwa chinsalu:
umugwire pakhosi, usamuuze, tione mantha enieni.
Anawaonadi.
Anthu anaimirira kuwomba m'manja,
nyuzi inati mtsikanayu ali ndi moto,
ine ndinasanza m'sinki ya m'chipinda chovalira
kenako ndinadzolanso milomo,
poti madzulo kunali sewero lina.

Pakhosi ayi, ndinatero,
mawu atachepa ngati a mwana wopempha madzi pakati pa usiku.
Ndinadikira kuti andifunse chifukwa.
Bodza la chimfine ndinali nditalikonza kale.
Iolanda anangolemba.
Telmo anati, ndamva, pakhosi ayi,
nayika manja kumbuyo
monga achitira munthu m'sitolo ya magalasi.

Itafika nthawi yake, chimphona chimenecho,
mwamuna wonyamula yekha theka la katundu wa pa nsanja,
anayang'ana pansi nati, tsitsi langa musalikoke.
Basi. Sanawonjezere kanthu.
Ine m'mimba munati myuu.
Ndi amuna angati ndinawakoka tsitsi pamaso pa anthu
osapempha, ndikumati ndi luso?
Mayina ena ndinawaiwala.

Tinayamba kuwerenga.
Chimodzi, dzanja lake patsaya langa.
Ziwiri, mphumi zikumana.
Zitatu, milomo yotseka.
Zinayi, woyamba kuchoka ndine.

Amadeu, wotsogolera wathu, anaponya pensulo.
Chikondi sichiwerengedwa ngati chenji cha m'basi!
Iolanda sanakweze mawu.
Nanga lupanga la m'gawo lachisanu, anafunsa,
timangolizunguza mmene mtima wafunira?
Amadeu anatola pensulo yake
napita pawindo kukakalipira mvula.

Lachinayi lina ndinadzuka thupi litakana.
Lero msana ayi, ndinatero.
Dzanja la Telmo linasamukira pachigongono
ndipo denga silinagwe.

Usiku woyamba, magetsi atatiwotcha kumaso,
ndinapeza chinthu chachilendo:
podziwa kumene dzanja lake likupita
ndinali ndi mpata womukonda,
ine amene kale ndinkangolondera thupi langa
ngati mlonda wolipidwa mochedwa.
Pa mzere wachiwiri mayi wina anaiwala kupuma.
Sanamve kuti mumtima tikuwerenga.

Chinsalu chitatsika tinawombana zikhatho kawiri,
mwambo wa Iolanda,
kubweza matupi kwa eni ake.
Telmo anathamangira sitima ya kwa mwamuna wake.
Ine ndinapukuta milomo, osafulumira.

Pa mlatho wachitsulo mvula inali itakata.
Pansi mtsinje wa Douro unkakoka nyali za mzinda.
Ndinamasula sikafu yomwe ndimavala ngakhale kutentha.
Mphepo inabwera, yozizira, yopanda ulemu,
inandigwira pakhosi penipeni.
Ndinawerenga mpaka zinayi.
Ndinapitirira, zisanu, zisanu ndi chimodzi,
mpaka nditatopa nazo ndekha.